Dzino Lodya Chitsulo Pansi pa Phiri la Tumbine

Munthu aliyense amene anaimapo pa chipata cha Muloza m'nyengo ya masika, pamene chimanga cha ku Milange chauma ndipo njinga zikubwera mondondozana kuchokera tsidya la Mozambique kulowa m'boma la Mulanje, iliyonse itasenza matumba awiri kapena atatu kufikira matayala ataphwatalala, adzavomereza kuti moyo wa anthu a m'malire muno wapachikika pa zitsulo zozungulira. Njinga iyenda chifukwa cha kachitsulo kamene kapyola pakati pa gudumu. Chigayo chigaya chifukwa cha shafiti imene isenza nyundo zake. Mpope wa madzi, lole ya katundu, njinga yamoto ya kabaza, ngakhale makina osokera a telala wa pakhonde la sitolo, zonsezi zili ndi mtima wachitsulo wobulungira, umene ukangopindika pang'ono kapena kudyeka pamalo pokhala beringi, ntchito yonse iima, ndipo amayi amene anadza ndi mphale yawo m'mamawa abwerera nayo kumudzi dzuwa litapendeka, kukafuna mtondo ndi munsi zimene anazisiya kale kuseri kwa nkhokwe.

Chitsulo chotere chikafa, alipo mmisiri mmodzi yekha amene angachiukitse, ndiye wa pa makina amene anthu a ku Milange, potsata Chipwitikizi, awatcha torno, ndi mwini ntchitoyo torneiro, pamene abale awo a tsidya la Malawi awatcha lathe monga mwa Angerezi. Kasemedwe kake nkosiyana ndi kamene tinazolowera kumudzi. Pakuti wosema mtondo aika chipika pansi chili phee nayendetsa sompho, koma pa torno chosemedwacho ndicho chizungulira, chitagwidwa zolimba m'zibwano za makina, ndipo mpeni ungoyenda pang'onopang'ono m'mbali mwake, nuchotsa khoko lopyapyala losaduka, monga mayi asenda chinangwa akuchitembenuza m'dzanja lamanzere, mpeni wa m'dzanja lamanja usasuntha kwenikweni.

Tsiku lina ndinakhala nthawi yaitali m'oficina ina ya m'tauni ya Milange, moyang'anana ndi phiri la Tumbine, ndikudikira kuti atikonzere shafiti ya chigayo cha mlamu wanga, imene inadyeka kufikira pule ikugwedera ndi lamba akuvuka. Mestre wa pamenepo, ndiye mmisiri wamkulu, bambo wa imvi amene zala zawo zinali ndi zipsera zambiri, sanathamangire kuyatsa torno, koma anayamba atenga kachitsulo kangodya zinayi, kotalika ngati chala cha mkombaphala, napita nako ku gilayinda, nakanola mbali iyi ndi iyo, akukaviika m'chitini cha madzi kawirikawiri ndi kukapenda pa kuwala kwa pakhomo, kufikira ine, wosadziwa, ndinayamba kuganiza kuti atiiwala. Pamenepo mnyamata wophunzira ntchito, amene anaima pambali pawo atagwira chitinicho, anafunsa nati, "Mestre, ndinaona pa foni azungu akusema mpope wa mfuti pa torno ngati yathuyi. Kodi mpeni wake amaupendeketsa madigiri angati?" Mkuluyo sanachotse maso pa kachitsulo kaja, koma anati, "Mwana wanga, yamba wadziwa mpeni wa chigayo, pakuti chigayo ndicho chikudyetsa iwe ndi ine. Za mfuti tinaziona zokwanira kuno." Funso la mnyamatayo silinali lopusa, pakuti safunsa anadya phula, ndipo ndidzabwereranso kwa ilo, koma kuti tilimve bwino, tiyenera kuyamba tamva chimene mkulu uja anali kufuna pa gilayinda.

Mpeni wa torno sufanana ndi mpeni wa kukhitchini, umene uli wopyapyala ndi wautali. Ufanana koposa ndi dzino, lalifupi ndi lonenepa, limene nsonga yake yokha ndiyo igwira ntchito. Ndipo nzeru yonse ya mmisiri yagona pa kupendekeka kwa nkhope za dzino limeneli, kumene ayesa ndi madigiri, tikumbukire kuti ngodya ya nyumba ya njerwa yomangidwa bwino ili ndi madigiri 90. Nkhope ya pamwamba, imene khoko la chitsulo likwerapo likangochoka pa shafiti, ainola motsetsereka kuchokera ku nsonga kumka kumbuyo, kuti khokolo lipeze njira yothawira. Mlimi adziwa chinthu chomwechi, ngakhale sachitchula ndi madigiri: khasu lokhomedwa pa mpini moongoka kwambiri limenya nthaka ngati nyundo nilitopetsa msana, pamene lopindira m'kati moyenera lilowa mofewa, nthaka niitembenuka yokha. Chomwechonso dzino lotsetsereka kwambiri pamwamba lidya mopepuka, silifuna mphamvu yambiri ya mota, ndipo silitenthetsa chitsulo. Koma kupepukako kuli ndi mtengo wake, chifukwa nsongayo itsala yopyapyala, ndipo ikakumana ndi chitsulo cholimba ibenthuka msanga.

Nkhope ya kunsi, yoyang'anana ndi shafiti, nayonso ainola mobwerera m'mbuyo, kuti pakati pa dzino ndi chitsulo chozungulira pakhale kampata, nsonga yokha ikhudze, thupi la dzino lisakhule. Kampata kameneka nkochepa, madigiri 6 kufikira 10 pa ntchito zambiri. Kakachepa kuposa apa dzino lingopekesa chitsulo m'malo mochidya, likulira ndi kutentha, ndipo kakachuluka nsonga isowa chotsamira pansi pake, nithyoka. Tsono chimene chatsala pakati pa nkhope ziwirizi ndicho thupi la dzino, ndicho mphamvu yake. Ndipo popeza zitatuzi pamodzi zikwana madigiri 90, mmisiri sangawonjezere kumodzi osachotsa kwina. Akapatsa kunsi madigiri 8 ndi pamwamba 12, monga achitira kawirikawiri posema chitsulo chofewa cha masiku onse, thupi litsala ndi 70. Apa mpamene ndinazindikira kuti mkulu uja, poyang'ana kachitsulo kake pa kuwala, anali kuweruza mlandu pakati pa kuthwa ndi kulimba, ziwiri zimene zonse azifuna koma zosagonera mphasa imodzi.

Ndipo chiweruzo chake chisintha monga mwa chitsulo chimene chagona pa torno, pakuti zitsulo zili ndi makhalidwe monga anthu. Mkuwa wachikasu, umene apangira mabushi ndi mipopi ya madzi, ngwonyenga: uoneka wofatsa, koma ukaupatsa dzino lotsetsereka pamwamba ulikoka mwadzidzidzi nulimeza, chomwecho amisiri ausema ndi dzino losalala pamwamba, lopanda kutsetsereka konse. Aluminiyamu ngwofewa ndi womata, ndipo afuna kutsetsereka kwakukulu, madigiri 20 kapena 30, kuti asakakamire pa nsonga ngati phala pa mthiko. Chitsulo chothiridwa m'chikombole, chonga cha mapule ndi simbi zakale za makala, sichitulutsa khoko lalitali koma tinyenyeswa takuda tonga mwaye, ndipo chifuna dzino lonenepa, lotsetsereka pang'ono pokha. Koma chovuta koposa ndicho chimene amisiri a kumalire akumana nacho tsiku ndi tsiku, ndicho chitsulo chosadziwika mtundu wake; pakuti kumene chitsulo chatsopano chili chodula ndi chakutali, shafiti ya chigayo isemedwa kuchokera ku ekiselo ya lole yakufa, imene anaisakaniza ndi zolimbitsa ndi kuiwotcha ku fakitale kuti ipirire katundu. Pamenepo palibe buku lingathandize; mmisiri akhudzitsa chitsulocho pa gilayinda napenya nthethe zake, achiyesa ndi tupa, ndipo akaona kuti nchouma mutu achepetsa kutsetsereka kwa dzino, nachepetsanso liwiro la makina.

Dzino lonoledwa bwino lingathe kuwonongeka ndi kamangidwe kake kokha, ndipo apa mpamene ophunzira ambiri apunthwa. Nsonga iyenera kuima pa msinkhu wa pakati penipeni pa chitsulo chozungulira, osakwera kapena kutsika. Chifukwa chake nchoti chitsulocho nchobulungira: ukakweza dzino, mimba ya shafiti ikhudza kunsi kwake, ndipo kampata kaja katha, ukalitsitsa, kutsetsereka kwa pamwamba kuchepa, ndipo chitsulo chifuna kukwera pa dzino. Pa kachitsulo konenepa mamilimita 20, kukweza nsonga ndi milimita imodzi yokha kudya pafupifupi madigiri 6, kotero kuti mwa madigiri 8 amene mmisiri anavutikira pa gilayinda patsala 2 okha. Ndinaona mkulu uja akuyesa msinkhuwo mwa njira yosafuna ndalama: anatenga rula yachitsulo, naipana mofatsa pakati pa nsonga ya dzino ndi shafiti, ndipo ataona kuti yapendekeka pang'ono anachotsa kachibenthu ka chitini kamene kanali pansi pa dzino, naikanso rulayo, niima chilili ngati msichi. Anandionetsanso umboni wina, wakuti posema kumaso kwa chitsulo, dzino losalunjika pakati lisiya kamchombo, pamene lolunjika lisiya nkhope yosalala kufikira pakati.

Chitsulo chachitali ndi chowonda chili ndi vuto lakelake, lakuti chithawa dzino. Mphamvu imene dzino lichikankha nayo ichipinda pakati monga nsungwi, ndipo zotsatira zake ndizo shafiti yonenepa pakati ndi yowonda kunsonga, kapena kunjenjemera kumene kumveka ngati kulira kwa nkhumba ndi kusiya timizere tonga mphini pa chitsulo chonse. Chomwecho chitsulo chikatuluka m'zibwano kupyola katatu kunenepa kwake, mmisiri aboola kadzenje kumapeto kwake nachichirikiza ndi nsonga ya kumchira kwa torno, imene ili ya madigiri 60. Chikatalika koposa aika chochirikiza china pakati. Asinthanso kaimidwe ka dzino, kuti mpeni wake uyang'ane molunjika kumene ukupita, mphamvu yambiri itsate utali wa shafiti m'malo moikankhira kumbali, nachepetsa kubulungira kwa nsonga yake.

Mdani wamkulu wa dzino ndiye moto wosaoneka umene ubadwa pamene chitsulo chidya chinzake. Makoko akugwa pansi ndiwo amithenga ake: akatuluka oyera ngati siliva zinthu zili bwino, akayamba kufiira ngati udzu wouma kutentha kwapyola madigiri 200, ndipo akabiriwira kwafika cha m'ma 300. Kutentha kumeneku kunadabwitsa anthu ophunzira kalekale. M'chaka cha 1798 Count Rumford, amene anayang'anira kuboola mizinga ya nkhondo mumzinda wa Munich, analemba za mmene chitsulo chobuntha chopekesa mzinga chinawiritsira madzi popanda nkhuni, ndipo kuchokera pamenepo anthu anayamba kumvetsa kuti kutentha kubadwa m'kuyenda ndi kukhulana kwa zinthu. Mipeni yakale inali kufewa ikangotentha pang'ono, kufikira Robert Mushet wa ku England, m'chaka cha 1868, anasakaniza chitsulo ndi tungsten. Pambuyo pake Frederick Taylor ndi Maunsel White a ku Bethlehem Steel ku America anapeza kawotchedwe kamene kanapangitsa mpeni kudyabe ngakhale utatentha kufikira kufiira, naonetsa chodabwitsachi pa chionetsero cha ku Paris m'chaka cha 1900. Kachitsulo kamene mkulu wa ku Milange anali kunola ndi mdzukulu wa mipeni imeneyo, ndipo kapirira kutentha kufikira madigiri pafupifupi 600.

Ngakhale kotero kali ndi malire ake, ndipo malirewo ndiwo alamula liwiro. Pa chitsulo chofewa, khungu la shafiti liyenera kudutsa pa nsonga mamita pafupifupi 30 pa mphindi. Ndiye kuti shafiti yonenepa mamilimita 50, imene kuizungulira kamodzi ndi mamilimita 157, izungulire kokwana 190 pa mphindi, ndipo ya mamilimita 25 izungulire kawiri kuposa apo. Wofuna kutha msanga akawonjeza liwiro apsereza nsonga, nabwerera ku gilayinda, nataya nthawi yoposa imene anafuna kupulumutsa, kuthamanga sikufika. Masiku ano alipo mano ena olimba koposa, a carbide, amene kampani ya Krupp ya ku Germany inayamba kugulitsa m'zaka za m'ma 1920 ndi dzina la Widia, ndipo ambiri abwera atanoledwa kale, ongomangirira ndi kasikuluu, akatha nkutaya. Sindiwanyoza, pakuti pa chitsulo cholimba ndiwo apambana. Koma ndinena poyera kuti mnyamata amene adziwa mano ogula okha ndi kapolo wa sitolo ya kutali, ya ku Blantyre kapena ku Quelimane, pamene wodziwa kunola ali mfulu, popeza kachitsulo kamodzi kamtumikira zaka, ndipo akaumba monga ntchito ya tsikulo ifunira.

Ntchito ya shafiti ya mlamu wanga inafika pachimake pamalo pokhala beringi. Atawotcherera chitsulo chatsopano podyekapo, mkuluyo anasema mwamphamvu poyamba, makoko akugwa onenepa, ndipo atatsala pang'ono kufika pa muyeso anazimitsa makina, nakhala pa benchi, nayamba kundifunsa za mvula ya kwathu. Sanatope ayi, anali kudikira kuti chitsulo chizizire, pakuti chitsulo chotentha chifufuma, ndipo shafiti ya mamilimita 50 ikatentha ndi madigiri 50 ikula ndi magawo 3 mwa magawo 100 a milimita. Muyeso umenewo ngwochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi, koma beringi ifuna kukhala mothina ndi gawo limodzi kapena awiri okha, kotero kuti woyesa chitsulo chili chotentha adzapeza madzulo beringi ikulowa mosakakamiza, ndipo mwezi usanathe chigayo chidzaimanso. Pomwepo ayenera kukumbukiranso kuti dzino likalowa gawo limodzi, shafiti ichepa magawo awiri, popeza lidya mbali zonse. Madzi akatayika saoleka, ndipo chitsulo chimene chagwa pansi pa torno sichibwerera pa shafiti.

Pali ngodya ina imene iyenera kutchulidwa makamaka kwa anthu a m'malire, ndiyo ya mazinga a bawuti. M'chaka cha 1841 Joseph Whitworth wa ku Manchester, poona kuti fakitale iliyonse inali kusema mazinga akeake, anakhazikitsa muyeso umodzi wa madigiri 55 wowerengedwa ndi mainchi. Koma muyeso wa mamilimita, umene maiko a pakati pa Ulaya anatsata, uli wa madigiri 60. Malire amene Angerezi ndi Apwitikizi anagwirizana m'pangano la chaka cha 1891, otsata mtsinje wa Ruo, anagawa mafuko ndi mabanja, ndipo m'kupita kwa nthawi anagawanso mabawuti: Nyasaland inadzaza ndi makina a mainchi, monga injini zakale za Lister zimene zinayendetsa zigayo zambiri, pamene tsidya la Mozambique linazolowera mamilimita. Mpaka lero mazinga a mapaipi a madzi atsata madigiri 55 a Whitworth. Mmisiri wa ku Milange, amene alandira ntchito zochokera mbali zonse ziwiri monga alandira kwacha ndi metical, ayenera kusunga mano a mitundu yonse iwiri, chifukwa nati ya mtundu wina ingalowe kamodzi kapena kawiri pa bawuti ya mtundu wina, nimunyenga, kenaka niitha mazinga.

Tsono tibwerere ku funso la mnyamata uja, pakuti choonadi nchakuti torno ndi mfuti zinakulira m'nyumba imodzi, ndipo sikoyenera kumubisira zimenezi. M'chaka cha 1774 John Wilkinson wa ku England analandira chilolezo cha njira yake yoboolera mizinga kuchokera ku chitsulo chathunthu, ndipo nzeru yomweyo ndiyo inamuthandiza kuboola masilinda oongoka amene James Watt anali kuwasowa kuti injini yake ya nthunzi igwire ntchito. Henry Maudslay, amene cha m'ma 1800 anakonza torno yosema mazinga molondola, anayamba ntchito ali mwana ku Woolwich, kosulira zida za nkhondo za mfumu ya England. Whitworth yemwe uja, amene anagwira ntchito kwa Maudslay, anapanganso mfuti yotchuka m'zaka za m'ma 1850. Chotero luso limene lero lichiritsa chigayo linaleredwa ndi ndalama za mafumu ofuna kupha adani awo ali patali.

Ndipo dziko lino silinadikire foni kuti lidziwe mfuti. Makolo athu Amang'anja anali osula a mbiri, amene David Livingstone, pokwera mtsinje wa Shire m'chaka cha 1859, anapeza akuyenga chitsulo m'ng'anjo zawo ndi kusula makasu, nkhwangwa ndi mikondo. Koma m'zaka zomwezo gogodera, mfuti yothira wonga kukamwa, inali italowa kale m'dziko pamodzi ndi malonda a minyanga ndi akapolo, ndipo njira imodzi ya malondawo inadzera m'mphepete mwa phiri la Mulanje kutsikira ku Quelimane. Atsamunda a Chingerezi anamanga Fort Lister m'chaka cha 1893 kuti atseke njirayo, namenyana ndi mafumu a Chiyao a m'deralo, monga Matipwiri, amene anagonja m'chaka cha 1895. Koma zonsezi zichepa poyerekeza ndi zimene akulu a lero anaona ndi maso awo: pa nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique, tauni ya Milange inagwa m'manja mwa asilikali a Renamo m'chaka cha 1986, niikhala m'manja mwawo kufikira 1988, nyumba zinapasuka, minda ya tiyi ya m'tsinde mwa Tumbine inasanduka thengo, ndipo anthu anawoloka Muloza ndi ana kumbuyo ndi mitolo pamutu, kukhala gawo la othawa nkhondo oposa miliyoni imodzi amene Malawi anawasunga kufikira mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Munthu amene anapyola m'ng'anjo yotere akati za mfuti anaziona zokwanira, mawu ake ali ndi kulemera kumene mnyamata wobadwa pambuyo pake sangakuyeze msanga.

Palinso chifukwa cha luso lenileni chimene torno ya m'tauni siyenera kukhudza ntchito yotere. Chimene mnyamata anaona pa foni ndi kusema kwa kunja kokha. Koma moyo wa mpope wa mfuti uli m'kati, mmene aboola ndi kulemba ndi makina ena apadera, pa chitsulo chosankhidwa ndi choyesedwa, chifukwa mphamvu ya wonga wa masiku ano iposa kulemera kwa mpweya wotizinga kokwana 3,000. Nchifukwa chake ku Birmingham, mzinda umene unatumiza mfuti zambiri ku Africa, nyumba ya malamulo inakhazikitsa m'chaka cha 1813 malo oyesera mpope uliwonse ndi wonga wopyola muyeso usanagulitsidwe. Mfuti yosulidwa mobisa kuchokera ku paipi ya madzi kapena chitsulo chotola iphulikira mwini wake, nimudula zala kapena kumuchititsa khungu. Ndipo malamulo a Mozambique ndi a Malawi omwe aletsa munthu kupanga mfuti popanda chilolezo cha boma, kotero kuti mmisiri wovomera ntchito yotere agulitsa oficina yake, dzina lake ndi ufulu wake pa mtengo wa tsiku limodzi. Pachifukwa chimenechi sindilemba pano madigiri amene mnyamata uja anafunsa, ndipo ndiyamika mkulu amene anamubweza.

Mozambique anasankha kale njira ina. Pa mbendera yake, imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 1983, mfuti yapingasana ndi khasu pamwamba pa buku. Ndipo nkhondo itatha, m'chaka cha 1995, bungwe la mipingo la Conselho Cristão de Moçambique, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane wa mpingo wa Anglican, linayambitsa ntchito yotchedwa Transformação de Armas em Enxadas, kutanthauza kusandutsa zida kukhala makasu, potsata masomphenya a mneneri Yesaya. Munthu wofukula mfuti imene anaikwirira m'munda analandira m'malo mwake khasu, njinga, makina osokera kapena malata, ndipo mfutizo zinadulidwadulidwa kuti zisalirenso. Zidutswa zina amisiri a ku Maputo anaziwotcherera kukhala zosema, monga mpando umene Cristóvão Canhavato anapanga m'chaka cha 2001, umene tsopano uli ku British Museum mumzinda wa London. Ndikaganiza za njinga ndi makina osokera amene anaperekedwa m'malo mwa mfuti, ndiona kuti chilichonse cha izo chili ndi kachitsulo kozungulira kamene tsiku lina kadzadyeka, ndipo kadzafuna munthu wodziwa kunola dzino. Pakuti kupereka njinga ndi ntchito ya tsiku limodzi, koma kuisunga ikuyenda ndi ntchito ya zaka zambiri, ndipo igwera anthu onga mkulu uja.

Chimene chindidetsa nkhawa nchakuti amisiri otere ngochepa, ndipo ambiri akalamba. Anyamata athamangira kuwotcherera zitseko ndi mawindo, ntchito yabwino ndithu imene munthu aiphunzira m'miyezi yowerengeka nayamba kuona ndalama, pamene torno ifuna zaka, masamu pang'ono, ndi mtima wodekha umene akulu anati ndiwo uonetsa munthu maso a nkhono. Ifunanso mwambo, chifukwa makinawa sadziwa chifundo: malaya a manja olendewera akodwa nakoka mkono, kiyi woiwalika m'zibwano auluka ngati mwala wa legeni, khoko lachitsulo lokokedwa ndi chala licheka kufikira fupa, ndipo diso losatchinga ndi galasi pa gilayinda lingathe kuzima ndi kanthethe kamodzi. Zonsezi munthu aziphunzira ataima pambali pa wamkulu atagwira chitini cha madzi, monga anachitira mnyamata uja.

Chifukwa chake ndipempha a mabungwe oyang'anira maphunziro a ntchito za manja, IFPELAC ku Mozambique ndi TEVETA ku Malawi, kuti akumbukire maboma a m'malire, kumene zigayo ndi njinga zili zambiri koma amisiri a torno ali owerengeka. Ndipempha makolo a ku Milange ndi ku Mulanje kuti mwana wokonda kuyesa ndi kufunsa asamuone ngati wotayika akasankha ovololo m'malo mwa tayi. Ndipo inu a mestre, amene nzeruyi ili m'zala zanu, musaisunge kufikira kumanda, koma mpatseni mnyamata kachitsulo kake anole yekha, alakwitse, mumuwongole. Ndipo inu owerenga, tsiku limene mudzanyamule shafiti ya chigayo chanu kupita nayo kwa torneiro, mukadzamuona ataima nthawi yaitali pa gilayinda kapena atakhala pansi kudikira chitsulo chizizire, musadzamufulumize, ndipo akadzatchula mtengo wake mudzamulipire osanyinyirika.